Tsiku Limene Shuga Anandigwetsa pa Chinkhoswe

Ine ndine telala. Ndakhala ndikusoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa ku Kawale chichokereni kwathu ku Thyolo, ndipo pa zaka zonsezo chinthu chooneka ndi maso chimene ndinapata chinali mimba. Nyumba inali ya lendi, makina osokera anali akalekale, koma mimbayo inali yangayanga. Abale akumudzi akabwera ankayamba kuyang'ana iyo, kenako ine. "Tauni yakuyanjani, achimwene," ankatero, ine n'kumaisisita modzichepetsa.

Chaka china mimba ija inayamba kuchoka osatsanzika. Telala sanamizidwa pa nkhani ya chiuno, tepi imakhala m'khosi tsiku lonse. Thalauza langa lakutchalitchi ndinalibweza kamodzi, patatha mwezi ndinalibwezanso, kachitatu matumba akumbuyo anakumana pakati. Ludzu silinkatha. Ndinkamwa madzi chigubu chathunthu pakhonde paja, ndipo kuchimbudzi cha pamsika ndinapitako mpaka mayi wolipiritsa pakhomo pake anayamba kundifunsa za ana. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi maso. Bowo la singano linayamba kundithawa. Ndinkanyambita ulusi, kuloza, kuphonya, kasitomala ali chiimire pomwepo.

Ku Kawale munthu akaonda, anthu safunsa chavuta n'chiyani. Amakhala akudziwa kale. Azimayi a pampopi ankatsitsa mawu mkazi wanga akafika ndi ndowa. Mnzanga wosoka nsapato anandikokera pambali n'kundiuza kuti masiku ano mankhwala ake alipo, ndisachite manyazi, iyenso ali ndi msuweni wake amene akumwa ndipo ananenepa. Kwa sabata ziwiri mkazi wanga mbale ankaziika pansi ndi mphamvu yoposa muyezo. Tsiku lina m'mawa anamanga mpango n'kuima pakhomo.

"Bambo, lero simusoka. Tiyeni akatiyeze tonse, ndikamve ndi makutu anga."

Anatiyeza. Chimene anthu a pampopi ankayembekezera sichinapezeke. Koma nesi wina, mayi wamfupi wamagalasi, atamva za ludzu ndi maso anandibaya pachala, n'kuika kadontho ka magazi pa kamakina. Anayang'ana nambala, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso nambala.

"Abambo, mwabwera bwanji kuno?"

"Pa minibasi."

"Ndimafuna kudziwa ngati mwayenda nokha. Shuga wanu wakwera kwambiri."

Kunena zoona, ndinatuluka m'chipinda muja ndi kakunyada. Matenda a shuga ndinkawamva kwa mabwana okhala m'mipanda ya njerwa, anthu oti akadwala amapita kuchipatala pagalimoto yawoyawo. Wosoka nsapato uja atamva anandigwira chanza. "Aaa, ndiye mwakwera, achimwene. Ife anzanu tikadali pa malungo."

Nesi uja tsikulo analankhula nthawi yaitali. Anafotokoza za mapiritsi, za kudya pa nthawi yake, za kuchepetsa nsima, za ndiwo zamasamba, za kuyenda, ndi zina zambiri. Ine maso anga anali pa yunifolomu yake, pamene telala wina wopanda chisoni anapinda mpendero mokhota. Amene ankamvetsera ndi mkazi wanga. Ankagwedeza mutu, kufunsa, kubwereza, ngati kuti mawa lake kuli mayeso.

Titafika kunyumba boma linasintha. Chitini cha shuga chinasamukira m'sutikesi yaloko, kiyi n'kumangidwa pansonga ya chitenje. Ufa woyera unatha ntchito, m'malo mwake munalowa mgaiwa. Ine munthu wa mitanda inayi ndinayamba kupatsidwa umodzi ndi kachidutswa, mbali yotsala ya mbale itadzaza masamba. Ndinadya bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, mpaka mbuzi za aneba zinayamba kundiyang'ana ngati wodzazilanda malo. Tiyi wopanda shuga ndinamulawa koyamba ndili ndi imvi kale, ndipo ndinazindikira kuti moyo wanga wonse sindinkakonda tiyi.

Sabata yachitatu ndinalephera kupirira. Pafupi ndi mzikiti pali bambo wina wa ku Mangochi amene amagulitsa tiyi wamkaka ndi masikono, ndipo ndinali kasitomala wake wa zaka zambiri. Ndinalowa mwakachetechete n'kukhala pakona.

"Wamkaka, masupuni atatu, monga mwa masiku onse."

Anapukuta manja pa epuloni, akuyang'ana pansi. "Pepani, achimwene. Amayi anafika kale kuno. Anati ndikakupatsani, maliro anu ndidzayendetsa ndine."

Mayiyo anali atazungulira Kawale yense. Wa mandasi anauzidwa, wa zigumu anauzidwa, ngakhale wa nzimbe. Ndiye ndinayamba kukagula ulusi ku Biwi, kumene kunalibe ondidziwa. Ulusi wa ku Biwi sunali wabwino kuposa wa ku Kawale, koma pafupi ndi sitolo yake panali benchi ndi ketulo.

Kuchipatala tinkapita kamodzi pamwezi, Lachinayi. Ndinapeza nzeru yoti kuyambira Lachiwiri ndizikhala munthu wolungama. Ku Biwi osapita, masamba kudya mopempha ena, kuti pofika Lachinayi nambala ikhale yaulemu. Pamzere paja ndinazindikira kuti nzeruyi sinali yanga ndekha. Tonse tinkakhala phee, nkhope zofatsa, m'mimba mukulira ngati achule, ndipo tikangotuluka pageti mayi wogulitsa zitumbuwa ankatilandira ngati abale ake.

Nthawi yonseyi madokotala anandichulukira. Sindinkadziwa kuti ndakhala zaka zonsezi pakati pa anthu ophunzira chotere. Kasitomala wobwera ndi zipi yothyoka ankandisiyira malangizo a madzi a therere. Wosoka nsapato anati masamba a nimu. Kondakitala wina, atandiona ndikumeza piritsi, anandiuza kuti mapiritsi amaola m'mimba, azakhali ake anafa nawo. Aliyense anali ndi munthu wake amene anachiriratu, koma munthuyo nthawi zonse ankakhala kutali, ku Mchinji kapena ku Joni, kosati n'kukamuona.

Wamkulu wa madokotala onsewa anali alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, a ku Chinsapo. Alamuwa anagwirapo ntchito zambiri. Anaotchapo njerwa, anagulitsapo matchaja a foni, anakhalapo wopezera anthu nyumba za lendi. Chaka chimenecho anali a zitsamba zamakono, ndipo ankayenda atavala chijasi choyera. Chijasicho ndinasoka ndine, ndiye sindinganame kuti sindinkadziwa kumene udokotala wawo unachokera. Komabe atafika pakhonde panga ndi chigubu cha madzi obiriwira moderako, ndinawapatsa mpando.

"Alamu, nkhani iyi ndi yosavuta," anatero. "Shuga ndi wotsekemera. Mdani wa chotsekemera ndi chowawa. Achipatala zimenezi amazidziwa, koma sangakuuzeni, ntchito ingawathere."

Papepala lomatidwa pachigubupo panalembedwa kuti mankhwalawo amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, nyamakazi, kusabereka ndi kuiwalaiwala. Kamwedwe kake kanali kapu yodzaza m'mawa, osadya kanthu mpaka dzuwa lifike pamutu, kuti mankhwala akapeze shuga ali yekhayekha.

Nditayesa kuitchula nkhaniyi kunyumba, mkazi wanga sanatembenuke n'komwe. "Achimwene anga ndimawadziwa ndine. Chigubu chimenecho chisalowe muno."

Sichinalowe. Chinakhala pansi pa tebulo la makina, kuseri kwa thumba la zidutswa za nsalu. Mapiritsi sindinasiye, ndinaganiza kuti ziwirizi zizithandizana. Kuwawa kwake sindingakufotokoze. Ndikamwa, makutu ankalira, ndipo kwa ola lathunthu sindinkatha kumwetulira kasitomala. Vuto linali loti m'mawa uliwonse ndinkachoka kunyumba nditadya phala mkazi wanga akundiyang'anira, ndiye lamulo la alamu la m'mimba mopanda kanthu linkaphwanyika. Alamu anati n'chifukwa chake sindikuchira.

Mpata unapezeka Loweruka lina mwezi wa Okutobala. Mwana wa mchemwali wanga anali ndi chinkhoswe ku Area 23, ndipo ine monga malume ndinali nkhoswe ya kuchikazi. Mkazi wanga analawirira kukathandiza kuphika, n'kundisiyira phala lovundikira patebulo. Ndinameza piritsi, phala ndinapatsa galu wa aneba, n'kudutsira pakhonde langa kukamwa kapu yodzaza mpaka m'milomo. Ndinavala suti, n'kukwera minibasi ndili ndi mtima wa munthu amene akukachira.

Pakhadi analemba kuti mwambo uyamba teni koloko. Teni koloko inapeza anyamata akukhoma tenti. Akuchimuna, ochokera ku Area 25, anafika wani koloko itadutsa, ati minibasi imene anachita hayala inayamba yakatula anthu ena kumaliro. Woyendetsa mwambo analengeza kuti chakudya chibwera zonse zikatha, chifukwa anthu akadya amathawa. Kuseri kwa nyumba kunkachokera fungo la mpunga ndi nkhuku. Ine ndinali pampando wakutsogolo, tayi ili pakhosi, dzuwa likuwotcha tenti.

Chinayamba ndi njala, koma njala yachilendo, yolusa. Kenako manja anayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira linatsika kumsana, mtima ukugunda ngati ndathamangitsidwa. Mwana wina atandiponda nsapato ndinamukalipira mpaka amayi ake anandiyang'ana. Alamu anali pambuyo panga, chijasi chawo chili pathupi ngakhale pachinkhoswe. Ndinawanong'oneza kuti sindikumva bwino.

"Ndi shugayo akutuluka," anatero mokondwa. "Limbani mtima, alamu. Thukuta limenelo mukalilawa ndi lotsekemera."

Inafika nthawi yoti ankhoswe tisinthane nkhuku. Wa kuchimuna anaimirira ndi tambala, ine anandipatsa thadzi m'dzanja lamanzere ndi maikolofoni m'dzanja lamanja. Mawu ndinali nditakonza sabata yathunthu, okhudza ulemu ndi kupirira m'banja. Ndinayang'ana mkwati, mnyamata wamtali wa suti yobwereka, ndipo zimene zinatuluka m'kamwa mwanga, monga anandiuzira pambuyo pake, zinali izi:

"Chiuno sate-thuu. M'litali fote. Mapewa akukula, tibweza. Mubwere Lachisanu."

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja poganiza kuti ndi nthabwala. Ine ndinapitiriza. Ndinayeza apongozi aakazi ndi maso n'kulengeza kuti nsalu mamita anayi siikwana. Kuseka kunatha. Ndinamva mawu kumbuyo akuti, "Amalume alawa kale," chonsecho ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Thadzi lija linaona kuti dzanja lafooka, linadumpha n'kukatera patebulo la akwati, pakati pa maluwa apulasitiki. Tenti inayamba kuzungulira, miyendo inakana, ndipo ndinapezeka nditakhala pansi pafumbi, nditatsamira mwendo wa tebulo.

Sindinakomoke. Ndinkaona ndi kumva, koma ngati zikuchitikira munthu wina patali. Anthu anandiunjirira mpaka mpweya unasowa. Wina anandivula nsapato, sindikudziwa chifukwa chake. Wina ankandikupiza ndi chitenje. Mayi wina wa mapemphero anandigwira mutu ndi manja awiri n'kuyamba kudzudzula mzimu wa nsanje wotumizidwa kudzasokoneza banja la ana. Alamu anatulutsa kabotolo m'thumba la chijasi, akufuula kuti anthu apatuke, wodwalayo ndi wawo, akungofunika kuwonjezera mlingo.

Kenako ndinaona mkazi wanga akubwera kuchokera kuseri, manja ali phulusa, m'dzanja muli botolo la chakumwa chotsekemera cha malalanje chimene anatsomphola m'kireti ya alendo olemekezeka. Anachitsegula ndi mano akuyenda. Munthu amene anabisa shuga m'sutikesi, amene anaopseza wa tiyi ndi maliro, ankabwera kwa ine ndi botolo lathunthu.

Anthu ataona anakuwa. "Mayi, mwapenga? Abambowa ali ndi shuga!"

Bambo wina wa kuchimuna, watayi yofiira, anamugwira mkono. "Amayi, ine ndagwirapo ntchito kuchipatala. Mukawapatsa chimenecho, mwawapha." Tinadzamva pambuyo pake kuti anagwiradi ntchito kuchipatala, yopaka penti mpanda. Kumbuyo mayi wina ananena mosabisa kuti azimayi a masiku ano ndi oopsa, akufuna atsale ndi makina osokera.

Mkazi wanga ndi munthu waulemu, pagulu salankhula. Tsikulo anakutumula mkono wake, n'kuyang'ana bambo watayi uja m'maso.

"Mwamunayu ndi wanga. Kuchipatala ndimapita naye ndine. Tachokani."

Anagwada patsogolo panga, n'kukankha kabotolo ka alamu ndi chigongono.

"Bambo, mukundimva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Mutha kumeza?"

Ndinagwedezanso.

"Phala lija munadya?"

Apo sindinagwedeze. Anandiyang'ana kanthawi, n'kundigwira chibwano ngati mwana. "Imwani pang'onopang'ono. Zinazo tikakambirana kunyumba."

Ndinamwa. Anthu ankadikira kuti ndife. Patapita mphindi zingapo tenti inayamba kuima, manja anachepetsa kunjenjemera, ndipo ndinazindikira kuti ndakhala pafumbi ndi suti yanga yabwino, wopanda nsapato, pamaso pa apongozi. Mkazi wanga anatuma mtsikana wina kukatenga mbale ya mpunga ndi nyemba, ndipo ndinadya pomwepo, ine ndekha pachinkhoswe chonse, ena onse akumeza malovu. Nditamaliza ndinaloza botolo lopanda kanthu lija.

"Lina lilipo?"

"Palibe," anatero, kireti yodzaza ili poonekera.

Nditaimirira, mayi wa mapemphero anayambitsa nyimbo yothokoza kuti mzimu uja wathawa. Alamu anauza anthu oyandikana nawo kuti mankhwala awo amagwira chomwecho, amayamba agwetsa munthu kenako n'kumudzutsa. Bambo watayi anati iye amafuna kunena zomwezo, kungoti amayiwa anafulumira. Thadzi analigwira kuseri kwa zimbudzi, tinasinthana bwinobwino, ndipo mawu anga a ulemu ndi kupirira ndinawanena, ngakhale palibe amene akuwakumbukira. Chimene chinayenda m'mafoni sabata imeneyo ndi malume akuyeza apongozi.

Kunyumba tinakambiranadi. Ndinaulula za galu, za chigubu, ndipo poti ndinali nditayamba kale, ndinaululanso za ku Biwi. Lolemba mkazi wanga sanadikire Lachinayi. Ananyamula chigubu chija pamutu mpaka pasiteji, tinakwera nacho minibasi, n'kukachiika patebulo la nesi wamagalasi uja. Nesi anatsegula, kununkhiza, n'kutseka msanga.

"Muli chiyani umu?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Amene anapangayo akudziwa?"

Mkazi wanga anayankha m'malo mwanga. "Sakudziwa. Ndi achimwene anga."

Nesi anachotsa magalasi n'kundifotokozera ngati mwana wa sukulu. Piritsi limene ndinkamwa limatsitsa shuga, kaya munthu wadya kaya sanadye. Ukalimwa n'kukhala ndi njala tsiku lonse, shuga amatsika kupitirira, ndipo wotsikitsitsa amagwetsa munthu mofulumira kuposa wokwera. Zizindikiro zake ndi zomwe zija, njala, thukuta, kunjenjemera, kulusa, kulankhula zosamveka. Zikatero munthu amafunika chotsekemera msanga, ngati akutha kumeza, kenako chakudya chenicheni. Akakomoka, osamuthira kanthu m'kamwa, kuthamangira naye kuchipatala.

"Zonsezi ndinanena tsiku loyamba, abambo. Munali kuti?"

"Ndinalipo."

"Thupi linalipo. Mwamwayi amayiwa anamva."

Za kulungama kwanga kwa Lachiwiri mpaka Lachinayi anati akuzidziwa kale, pamzere ponse paja timatero. "Koma mukanamiza kamakinaka, simunamiza ine. Ine ndimayang'ana nambala kuti ndidziwe mankhwala okuyenerani. Mukandibweretsera nambala yobwereka, ndikupatsani mankhwala a munthu wina." Anandiuza kuti ndizidya katatu pa nthawi yake ngakhale kukhale chinkhoswe cha mwana wa mfumu, ndiziyenda ndi maswiti atatu m'thumba, ndiziyang'ana mapazi anga tsiku lililonse ngati pali bala, ndipo ndiziyenda pansi m'malo momangokhala pamakina.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukagula ulusi ku Biwi. Sindinganene kuti ndinasanduka mngelo. Pamaliro, akabweretsa tiyi wothira kale shuga m'ndowa, nthawi zina kapu imandipeza ndisanaganize bwino, ndipo Lachinayi lake ndimakanena ndekha. Koma nambala inayamba kutsika moona mtima, maso anabwerera pang'ono, otsalawo anathandizidwa ndi magalasi. Maswiti atatu aja mkazi wanga amawayang'ana madzulo alionse, ndipo limodzi likasowa pamafunika umboni. Alamu anakwiya miyezi iwiri, kenako anabwera ndi chijasi chija kuti ndichidule manja. Anali atayamba kugulitsa nyama yootcha.

Chimene chandivuta kufotokozera anthu ndi kuyenda. Nsalu ndimagula m'tauni, ndipo masiku ano ndimapita wapansi, m'mawa dzuwa lisanakwiye. Makondakitala amene anandinyamula zaka zonsezi amaimitsa minibasi pambali panga. "Madala, kwerani, mudzapereka mawa!" Ndikakana amapukusa mutu mwachisoni, ndipo mbiri inamveka kuti utelala wagwa. Pamzere wa kuchipatala ndinadziwana ndi abambo awiri a ku Kawale komweko, wina mphunzitsi wopuma ntchito, wina wogulitsa makala, ndipo tinagwirizana kuti tiziyendera limodzi katatu pasabata. Timayenda mondondozana m'mphepete mwa msewu, aphunzitsi patsogolo chifukwa ali ndi ambulera, aliyense botolo la madzi m'manja, osalankhula kwambiri poti mpweya ndi wochepa. Anthu azolowera kutiona. Sabata yatha mayi wina wogulitsa tomato anatiimitsa, n'kugwada pang'ono, n'kufunsa aphunzitsi kuti mpingo wathuwu umakumana kuti, ndipo mapemphero amayamba nthawi yanji.